Zaka Makumi Asanu za Mkwiyo wa Keziah Tolman

Keziah Tolman anafika zaka 89, ndipo makumi asanu omalizawo anakhala nawo chifukwa cha chidani basi. Ena kwathu ku Harnfield adzakuuzani kuti anali mayi wachikhulupiriro. Limenelo ndi bodza. Ine ndinakulira khomo loyang'anizana ndi lake, ndipo ndikudziwa kuti chimene chinkamudzutsa m'mawa uliwonse si pemphero ayi, koma nkhope ya Abusa Elnathan Brigg.

Zinayamba m'nyengo yachisanu ya 1671. Keziah anali ndi zaka 38, mkazi wa Gershom Tolman, mlimi wa dzanja lolemera amene ankapemphera mokweza Lamulungu n'kumenya mkazi Lolemba. Ana amoyo anali nawo awiri: Jotham wa zaka 19 ndi kamtsikana Bethiah. Tsiku lina atapha nkhumba, anansi ali pompo kuthandiza kuwawula, Gershom anapeza kuti mchere wosungira nyama wachepa. Anamugwira Keziah tsitsi n'kuyamba kumukokera kukhola. Anansi aja anangoyang'anitsitsa nkhumba, monga ankachitira masiku onse.

Jotham anaika mpeni pansi.

"Bambo, asiyeni amayi."

"Ukuti chiyani, galu iwe?"

"Ndati asiyeni amayi."

Gershom anasiya tsitsi n'kutembenukira mwana, lamba ali kale m'manja. Sanafike nayo patali. Chibakera chimodzi chokha, bambo uja anali chagada m'matope pafupi ndi chodyera nkhumba, mlomo utang'ambika. Anthu khumi ndi awiri anaona, ndipo pofika madzulo mudzi wonse unali utaona nawo.

Patapita masabata atatu linafika tsiku la nkhuni za abusa, pamene amuna onse amakadula mitengo kutsidya n'kudzaiunjika pakhomo pa m'busa. Mtsinje unali utaundana, ndipo anthu ankadutsa pamwamba ndi ng'ombe. Jotham anali womaliza, chileyi chake chitadzaza kuposa cha aliyense chifukwa bambo ake anati asabwerere kawiri. Pakati pa mtsinje madzi oundana aja anasweka. Ng'ombe imodzi inapulumuka. Jotham anthu anamuvuula ndi ngowe dzuwa litapendeka, dzanja lidakali logwira chingwe.

Abusa Brigg nthawi imeneyo anali ndi zaka 26, atangobwera kumene kuchokera ku koleji, ndevu zisanagwirizane n'komwe zomera mbali iti. Lamulungu lotsatira anakwera pagome, anatembenuza botolo la mchenga loyezera ulaliki, n'kuyamba lamulo lachisanu. Anati pa malamulo onse, ili ndilo lili ndi lonjezo: wolemekeza atate ndi amayi ake, masiku ake amachuluka. Ndiye anati lonjezo lili ngati chovala, lili ndi kunja ndi mkati. Ukalitembenuza umapeza kuti wokweza dzanja pa kholo lake, masiku ake amadulidwa.

"Mukufuna umboni?" anafunsa. Analoza malo opanda munthu pa benchi ya anyamata. "Umboni ndi umenewo. Masabata atatu okha. Mulungu sachedwa."

Mchenga unatha, iwo n'kutembenuzanso botolo. Keziah anakhala maola awiri, mapazi atachita dzanzi, akumva mwana wake akuphedwa kachiwiri ndi munthu amene madzulo ake akawotha nkhuni zomwe mwanayo anafera.

Gershom ndiye anagula mwala wapamanda, Abusa n'kusankha mawu. Mpaka lero ndimawakumbukira, chifukwa nanenso anandikokerapo khutu: Jotham Tolman, zaka 19. Anakweza dzanja pa atate wake, ndipo masiku ake anadulidwa. Ana inu, werengani muope. Kuyambira pamenepo mwana aliyense woyankha makolo mwamwano ankatengedwa kumanda kukawerenga mwala wa Jotham. Keziah ankawaona pawindo akudutsa, kholo kutsogolo, mwana akulira pambuyo.

Chisanu chitatha anatenga tchizulo ndi nyundo ya mwamuna wake, anapita kumanda dzuwa lili pamutu, n'kuyamba kufafaniza. Anangokwanitsa mawu awiri. Akulu ampingo anamugwira, ndipo Lachinayi anamukhazika pabwalo miyendo itatsekeredwa m'matabwa, kuti odutsa aphunzirepo. Wosema miyala anabweranso n'kulemba mawu omwe aja, ulendo uno mozama kwambiri.

Ndi m'matabwa momwemo, agalu akumununkhiza mapazi, pamene Keziah anaona kuti mwala si mdani wake. Mwala ukhoza kuphwanyidwa kakhumi, iwo adzaika wina kakhumi. Mawu aja anatuluka pagome, ndipo ndi pagome pomwepo pamene anayenera kubwezedwa, ndi pakamwa pomwe paja.

Chida anali nacho, chimene munthu aliyense wamoyo sankachidziwa. Ali ndi zaka 17, bambo ake, Ichabod Sayle, anamupereka kwa Gershom chifukwa cha dambo la msipu lomwe linali m'malire mwawo. Keziah anakana. Ichabod atatenga lamba, mtsikanayo anatenga chitsulo chosonkhezera moto n'kumuthyola nsagwada, mano anayi n'kugwera paphulusa. Ichabod anauza anthu kuti yamuponda ndi ng'ombe, chifukwa cha manyazi, komanso chifukwa lamulo lathu linkati mwana wamkulu womenya kholo akhoza kupachikidwa, ndiye dambo likanapita. Ukwati unachitikabe. Patapita zaka, Ichabod ali pafupi kutsirizika anatuma munthu kukamuitana. Keziah anayankha kuti ali ndi mkaka pamoto, ndipo mkuluyo anafa akutchula dzina lake.

Akanaulula zimenezi tsiku la m'matabwa lija, akanangomuuza kuti dikira, chako chikubwera. Zaka 38 si umboni wa kanthu. Kuti Abusa Brigg atsamwe ndi mawu awo, pankafunika nkhalamba, ndipo osati nkhalamba wamba koma wamkulu kuposa aliyense m'mudzi, woti Abusa omwewo ayambe amuloza ngati chitsanzo cha lonjezo. Keziah anatsimikiza mtima kuti nkhalamba imeneyo adzakhala iyeyo.

Sindinaonepo munthu wodzisamala ngati mayi ameneyu. Ena amasamala thupi chifukwa cholikonda, iye ankalisamala ngati mmene munthu amasamalira mfuti. Sankatuluka panja opanda mashawelo awiri. Sankawoloka mtsinje, kaya pa bwato kaya pa madzi oundana. Nthomba ikalowa m'mudzi ankatseka chitseko, ndipo ngakhale mnansi agogode kupempha moto, ankamupatsira pawindo. Ankadya phala la chimanga ndi mkaka, nyemba pang'ono, kapu imodzi ya mowa wa maapulo, osapitirira. Kutchalitchi, komwe m'nyengo yachisanu buledi wa mgonero amauma gwa ngati mwala, ankapita ndi kambaula kake ka makala koika kumapazi. Gershom atamwalira ndi malungo ali ndi zaka 60, amuna awiri anadzamufunsira. Onse anawabweza pakhomo, akuti mwamuna mmodzi wamudyera kale zaka zokwanira.

Kwathu munthu sakhala pomwe wafuna m'nyumba ya Mulungu. Zaka zingapo zikapita, akuluakulu asanu amadzitsekera m'chipinda n'kugawa mabenchi, amuna mbali yawo, akazi mbali yawo, poyang'ana zaka za munthu, kenako minda yake ndi ulemu wake. Wamkulu kuposa onse amakhala kutsogolo kwenikweni, pansi pa gome, pomwe malovu a mlaliki amagwera. Keziah anayambira benchi yachisanu ndi chinayi. Maliro alionse a mkazi womuposa zaka ankamusendeza kutsogolo, ndipo maliro oterowo sankajomba. Anthu ankati ndi wachifundo. Iye ankangopita kukatsimikiza.

Chaka chilichonse, Lamulungu lotsatira tsiku la nkhuni, Abusa Brigg ankalalikira ulaliki womwe uja. Ankasintha chiyambi, nthawi zina ankawonjezera mayina a makolo akale a m'Malemba amene anakhala zaka mazanamazana, koma pomaliza ankafika pa Jotham Tolman basi. Keziah sankaweramitsa mutu. Ankawayang'ana m'maso mpaka mchenga kutha, ndipo anaona ndevu zija zikumera, zikuchita imvi, mano akuchoka limodzilimodzi.

M'chaka cha 1696 nthomba inatenga Hopestill, mwana wamkazi yekhayo wa Abusa, ali ndi zaka 22. Ndinene zoona, mtsikanayo anali wabwino. Matendawo anawatenga popereka msuzi m'nyumba zomwe ena tonse tinkazilambalala. Abusa analalikira misozi ikutsika, ndipo anati Mulungu amafulumira kutenga amene amawakonda, kuti asaone zoipa zimene zikubwera. Mpingo wonse unalira. Keziah, pa benchi yachinayi, sanalire. Anawatenga mawu amenewo n'kuwasunga bwinobwino.

Bethiah, amene tsopano anali wamasiye ndipo anabwerera kudzakhala ndi mayi ake, ndiye yekha ankaona kuti pali china chake.

"Amayi, mumawayang'aniranji choncho Abusa? Anthu ayamba kunena."

"Anene. Pakamwa ndi pawo."

"Achimwene anapita kalekale. Inu simungangozisiya m'manja mwa Mulungu?"

"Mulungu sindinakangane naye. Tseka chitsekocho, ukufuna mphepo indiphe?"

Pofika 1721 patsogolo pake panatsala munthu mmodzi, mayi Submit Hallowell wa zaka 91, woyera mtima mpaka kutopetsa, amene sanayankhepo munthu mokweza chibadwire. Keziah ankamufunsa za chifuwa chake Lamulungu lililonse mwachidwi chenicheni. Chisanu chitafika, Submit anagona osadzukanso. Keziah anapita kukaona thupi, anaima nthawi yaitali, kenako anati, "Wachita bwino, Submit. Unali utayamba kundidetsa nkhawa."

Sabata yotsatira Dikoni Hezekiah Ruddock anabwera, chipewa chili m'manja.

"Mayi Tolman, akuluakulu agwirizana. Benchi yoyamba ndi yanu. Zaka 88 si masewera, Mulungu wakukomerani mtima."

"Watero?"

"Ndiponso Abusa akwanitsa zaka makumi asanu ali pakati pathu. Akufuna adzakutchuleni mu ulaliki wa lamulo lachisanu. Sizikuvutani?"

"Auzeni anditchule mokweza," anatero Keziah. "Asachite manyazi."

Lamulungu limenelo kunazizira moti mpweya unkaoneka potuluka m'kamwa. Keziah anakhala pansi pa gome, kambaula kumapazi, manja pa ndodo. Abusa Brigg, a zaka 76 tsopano, anakwera makwerero mothandizidwa ndi Dikoni. Anatembenuza botolo la mchenga, anadutsa njira yonse yomwe tinkaidziwa pamtima, anafika pa Jotham n'kumukwiriranso. Kenako anamwetulira, anatambasula dzanja.

"Koma taonani mbali inayo, abale. M'nyumba imodzi Mulungu watipatsa maumboni awiri. Mwana anadulidwa ali ndi zaka 19. Mayi ake ndi awa, zaka 88, imvi ngati chisoti chaulemu. Ndani angakayike kuti mayi amenewa analemekeza makolo awo?"

Keziah anagogoda ndodo pansi kawiri n'kuimirira. Munthu wa ndodo yodzutsira ogona anayamba kuyandikira, koma anaima panjira, chifukwa kwathu wofuna kuulula tchimo pamaso pa mpingo saletsedwa.

"Ndili ndi tchimo loti ndiulule, Abusa."

"Mayi, mukhoza kudikira ulaliki uthe."

"Ndadikira zaka makumi asanu, zakwana. Alipo pano okumbukira bambo anga, Ichabod Sayle, a pakamwa pokhota aja? Munauzidwa kuti inawaponda ndi ng'ombe. Ng'ombeyo ndi ine. Ndinawamenya ndi chitsulo cha pamoto, mano anayi pansi. Akufa anandiitana, ine ndinakana kupita. Sindinalape, ndipo lero lomwe sindikulapa, ndikungokuuzani. Mwana wanga anamenya bambo ake kamodzi, ndi dzanja, poteteza ine. Ine ndinamenya ndi chitsulo, podziteteza ndekha. Iye zaka 19, ine 88. Tawerengerani bwino, Abusa, inu munapita ku koleji."

Bethiah anabisa nkhope m'shawelo. Abusa anagwira m'mphepete mwa gome, ndipo ndiwapatse ulemu wawo, mutu unali ukugwirabe ntchito.

"Pali oipa ena," anatero pang'onopang'ono, "amene Mulungu amawasunga nthawi yaitali kuti mtsuko wa zoipa zawo udzaze. Kukalamba kwa woipa si dalitso, ndi chingwe chachitali."

"Ehe! Posachedwapa ndinali chisoti, tsopano ndasanduka chingwe. Chabwino, ndavomera. Ndiye kuti wokalamba akhoza kukhala woipa. Nanga wofa msanga? Hopestill wanu anafa ndi zaka 22. Munati Mulungu anamufulumirira chifukwa chomukonda. Wanga munati anamudula. Muli ndi miyeso iwiri, Abusa, wina wogulira, wina wogulitsira. Sankhani umodzi. Ngati zaka zimanena zoona, tiuzeni lero, Hopestill anakuchitani chiyani m'nyumba mwanu muja?"

Nkhope ya Abusa inayera ngati ufa. Zimenezo zinali nkhanza, ndipo Keziah ankadziwa kuti ndi nkhanza. Anazinola zaka 25.

"Mutulutseni," anatero Abusa. "Mutulutseni mfiti ameneyu."

Anatuluka yekha, Bethiah akumutsatira ndi kambaula. Lachiwiri akulu ampingo anakumana. Zomutengera kubwalo la milandu anazisiya, poti mboni zonse zinali kumanda ndipo palibe ankafuna kuoneka akupachika nkhalamba. Anamuletsa mgonero, n'kumuchotsa pa benchi yoyamba kumuika yomalizira, pafupi ndi chitseko, pomwe mphepo imalowera. Benchi imene anaiyendera zaka makumi asanu anakhalapo ola limodzi ndi theka.

Koma funso lija linatsala m'mudzi. Anthu athu anaphunzitsidwa ndi Abusa omwewo kuwerenga zaka za pamwala ngati chigamulo cha mlandu, ndipo anali ophunzira abwino. Pachitsime akazi anayamba kukumbutsana kuti Hopestill nthawi ina anaoneka akutuluka m'nyumba maso ali ofiira. Wina anati anamva kuti ankafuna kukwatiwa ndi mnyamata amene bambo ake anamukana. Pofika Lachisanu nkhani inali itamera miyendo, ndipo mayi wina anaoneka ataimitsa mwana wake wamkazi pa mwala wa Hopestill, akumuloza zaka. Keziah sanawonjezerepo liwu. Panalibe chifukwa.

Loweruka masana, Bethiah akuika mphika wa nyemba za mawa mu uvuni, kunamveka kugogoda. Anali Abusa Brigg, okhaokha, chipale chofewa chili m'mapewa. M'zaka makumi asanu anali asanapondepo pakhomopo. Bethiah anawapatsa mpando n'kuthawira kuchipinda. Keziah sanaimirire.

"Mwasochera, Abusa?"

"Mayi Tolman, mwana wanga sanakulakwireni."

"Wanganso sanakulakwireni. Anakubweretserani nkhuni."

Abusa anapisa dzanja m'chikhoti n'kutulutsa tchizulo chatsopano. Anachiika patebulo.

"Lolemba m'mawa ndituma munthu akafafanize mawu aja. Palibe adzamuletse, ndipo palibe adzalembenso. Inu muwauze akaziwa asiye dzina la Hopestill. Inu akumverani."

Keziah anachiyang'ana chitsulocho. Zaka makumi asanu zapitazo akanachipsompsona. Kwa kanthawi anaona mwala uja uli wosalala, dzina ndi zaka basi. Kenako anachikankha ndi chala mpaka chinagwa pansi.

"Mwakachetechete, eti? Lolemba m'mawa, anthu ali kumakola? Munamupha pagome, Abusa. Mukamudzutse pagome pomwepo."

"Mukudziwa chimene mukupempha? Ulaliki umenewo ndaulalikira kamakumi asanu. Unasindikizidwa ku Boston. Ana a ana a anthu awa analeredwa nawo. Ndikaima mawa n'kunena kuti ndinalakwa, chitsale n'chiyani cha ine?"

"Chimene chinatsala cha Jotham. Mwala."

Mkuluyo anayang'ana moto. Atayankhula, mawu anali aang'ono.

"Ndinali mwana, mayi. Zaka 26. Akulu ampingo ankandiyang'ana kuti aone ngati ndili ndi msana. Amuna anu anabwera kwa ine mlomo uli chotupa. Ndinatsegula Malemba, ndipo zonse zinaoneka zogwirizana bwinobwino."

"Inu munali mwana wa zaka 26, ndipo mwapatsidwa zina makumi asanu zoti mukonzere. Iye anali ndi 19. Tolani chitsulo chanucho, mungapunthwe nacho potuluka. Sindikufuna mufe lero."

Lamulungu kutchalitchi kunadzaza ngati tsiku la chisankho. Keziah anakhala pa benchi yake yatsopano, mphepo ikumulasa m'khosi nthawi iliyonse chitseko chikatsegulidwa. Abusa anakwera pagome, koma botolo la mchenga sanalikhudze. Anaima nthawi yaitali moti Dikoni Ruddock anayamba kudzuka, poganiza kuti adwala.

"Abale," anayamba, akuyang'ana pa matabwa a gome, "masiku a munthu ali m'manja mwa Mulungu, ndipo Iye sanandiuze ine chifukwa chimene amapatsira wina ochuluka, wina ochepa. Ndinanena zimene sindinkadziwa. Jotham Tolman anafa chifukwa madzi oundana anasweka. Anafa akundibweretsera nkhuni. Anali mwana amene anateteza mayi ake pamene ife tonse tinayang'ana kumbali."

Ananena motsitsa, koma makutu a Keziah anali akuthwa ngati a mphaka, ndipo liwu lililonse linamufika. Anagogoda ndodo.

"Sindinamve! Munandiika kutali, Abusa. Kwezani mawu."

Abusa anatseka maso, n'kubwereza mokweza.

"Dzinalo silinamveke bwino kuno. Mwati ndani?"

"Jotham Tolman!" anakuwa mkuluyo, mawu n'kusweka pakati. "Jotham Tolman sanadulidwe ndi Mulungu chifukwa cha tchimo! Ndinamunamizira ine!"

"Tsopano ndamva," anatero Keziah. "Kwatsala maulendo 47, koma ndakukhululukirani amenewo."

Sanadikire nyimbo. Anaimirira, n'kutuluka, kambaula n'kukasiya pansi pa benchi makala akadali moto. Bethiah anamuthamangira ndi shawelo yachiwiri yomwe inagwa pakhomo, koma iye anaikana ndi dzanja. Kwa nthawi yoyamba m'zaka makumi asanu anayenda mumphepo khosi lili pamtunda, kudutsa bwalo lomwe anamukhazikapo m'matabwa, mpaka kumanda. Anasesa chipale pamwamba pa mwala ndi chikhatho n'kukhala pansi moyang'anizana nawo.

"Jotham, mwanawe, zatha. Wanena yekha, katatu, anthu onse akumva."

Anadikira chimwemwe chimene anachisungira malo nthawi yonseyi. Kenako anatseka maso kuti amuone mwana wake, amuuze ali pamaso pake. Anaona chileyi, anaona chingwe m'dzanja, anaona chipewa cha ubweya chimene anamulukira. Nkhope sinabwere. Anayesanso, kuyambira tsitsi kutsika, ndipo chimene chinabwera ndi mphumi ya makwinya atatu, nsidze za imvi, kachipsera ka pachibwano, mano awiri otsala m'munsi. Nkhope ya Elnathan Brigg ankaidziwa ngati chikhatho chake, chifukwa ndi imene anaiyang'ana Lamulungu lililonse kwa zaka makumi asanu.

Bethiah anamupeza akugwedezeka, ndipo anaganiza kuti ndi kuzizira.

"Amayi, tiyeni kunyumba, mudwala."

"Bethiah, achimwene ako maso awo anali otani?"

"Ndinali wamng'ono, amayi. Sindikukumbuka."

Keziah anagwedeza mutu. Lolemba wosema miyala anabwera n'kufafaniza mawu aja, kusiya dzina ndi zaka. Iye sanapite kukaona. Anakhala miyezi inayi ina, akudya chilichonse chimene wapatsidwa, chitseko chili chotsegula, ndipo aliyense wachikulire wodutsa pamsewu ankamuitana n'kumufunsa funso lomwe lija. M'mudzi monse munatsala munthu mmodzi yekha amene ankakumbukira nkhope ya Jotham, poti ankaiona chaka chilichonse akamalemba ulaliki wake. Bethiah anapempha kawiri kuti akawaitane Abusa, ndipo kawiri konse Keziah anakana.